Tsiku Limene Anatiletsa Kuvomera Nyimbo

Chaka cha Korona hotela yathu ya ku Al Dafna, kuno ku dziko la Aarabu, inasiya kulandira alendo enieni. Ankabwera ndi anthu ongotsika ndege, oti abindikiritsidwe m'zipinda mpaka ataoneka kuti alibe kachilombo. Ife antchito anatisamutsa ku nyumba zathu za ku Al Asmakh n'kutipatsa zipinda zam'munsi mwa hotela momwemo, ati tisamakatole matenda m'basi. Kutuluka kunalibe. Ntchito yanga inali yoyala mabedi ndi kutsuka mabafa, koma nthawi imeneyo ndinkangosiya mashiti pakhomo, kugogoda, n'kuliyatsa liwiro munthu asanatsegule.

Amalawi tinalimo atatu. Ine wa ku Balaka, ndiye dalaivala wina wa ku Kasungu, wolongolola ngati wailesi, amene galimoto yake inangoima pansi pa nyumba n'kumachita fumbi. Wachitatu anali bambo wachikulire wa ku Machinga, mlonda wa pageti lakumbuyo lolowera malole a zakudya. Ife awiri tinkawatchula kuti ankolo, mpaka Anepali ndi Afilipino anatengera, kumayesa kuti ndilo dzina lawo. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino, kufunsa za kumudzi, basi nkhani yathera pomwepo.

Inali nthawi imene kunatuluka lamulo latsopano, loti wantchito atha kusintha bwana popanda kukagwada kwa bwana wakale kupempha chilolezo. Mu kantini simunkamvekanso nkhani ina. Aliyense mutu unali pa foni, kusakasaka ntchito. Dalaivala ankati akupita kukayendetsa banja lina lolemera ku Onaiza, ndipo ankanena zimenezi tsiku ndi tsiku ngati walongedza kale. Kwa ankolo lamulolo linafika mochedwa. Kampani inali itawauza kuti visa yawo siiwonjezeranso chifukwa cha ukalamba, ndipo kwina konse kumene anafunsa ankangoona chaka chobadwa n'kupepesa. Ankadikira ndege yowatengera kwawo, ulendo wosabwereranso. Tonse tinkadziwa, koma palibe amene ankaitchula nkhaniyo pamaso pawo.

Za mpikisano wa nyimbo zinabwera ndi mayi wophika makeke, mzungu wa kum'mawa kwa Ulaya, wamtali, wosafuna chibwana pa nkhani ya ufa ndi nthawi. Kwawoko kuli mpikisano wina wa pa TV, dziko lililonse limatumiza nyimbo yake, mayiko n'kumapatsana mapointi. Mayiyu anakula akuuonera chaka ndi chaka, ndiye chaka chimenecho unaimitsidwa chifukwa cha mliri, koyamba chiyambire. Anadandaula ngati walandira uthenga wa maliro. Pofuna kudzitonthoza anayamba kulumikiza foni yake ku TV ya mu kantini pa nthawi ya chakudya chamasana, n'kumationetsa mipikisano yakalekale ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Rimoti ankaisunga m'thumba la epuloni, ndipo palibe amene analimba mtima kukaipempha.

Mbiri ya mpikisanowo ndinaidziwa mokakamizidwa, koma mpaka lero ndikhoza kuilakatula. Unayamba nkhondo yaikulu itatha, azungu atatopa kuomberana n'kuganiza zoyesa kulimbana ndi nyimbo. Chaka choyamba mayiko anali asanu ndi awiri okha. Ma TV anali ochepa, ambiri anangomvera pa wailesi, ndipo filimu ya tsikulo inasowa, kunangotsala kachidutswa ka wopambana akubwereza nyimbo yake. Woyimba ankaima yekhayekha kutsogolo kwa maikolofoni, tayi pakhosi kapena diresi lokwekwa pansi, osagwedeza ndi phewa lomwe, kumbuyo kuli gulu la azibambo a mavayolini. Oweruza anavota mobisa, zotsatira osaonetsa munthu. Dziko lina linalephera kutumiza oweruza ake, n'kupempha eni malo kuti awavotere. Amene anapambana ndi eni malo omwewo.

Mayi wa makeke atafika pamenepo dalaivala anaseka mpaka kutsamwa ndi mpunga. Chaka chomwecho kwathu anthu anali atabwereza kuvota chisankho cha mtsogoleri wa dziko, ndiye nkhani za mavoti okayikitsa sitinkachedwa kuzimva.

"Asisi, kani matendawa anayambira kwawo komweko," anatero kwa ine akupukuta misozi. "Ife tinangopatsiridwa."

Panali zambiri. Woyimba wina anaikoka nyimbo yake mpaka akuluakulu anaika lamulo loti nyimbo isamapitirire mphindi zitatu. Chaka china mayiko anayi anafanana mapointi, ndiye poti palibe amene anaganizirapo zoti zimenezi zingachitike, anangowapatsa chikho onse anayi. Koma chimene chinkandibaya ine chinali cha aja obwerera kwawo opanda ndi pointi imodzi yomwe. Mayiyu ankaimitsa filimu n'kutilozera nkhope zawo. Ankamwetulira ndithu, koma umachita kuona kuti munthuyu akuganiza zoti akatsikira kuti.

Tsiku lina kutentha kutayamba kuchepa, mayiyu analowa mu kantini ali ndi kabelu kaja ka pa risepushoni m'manja. Anakaliza, tonse n'kusiya kutafuna. Anati abwana avomera kutibwereka holo yaikulu masana a Lachisanu, tichite mpikisano wathuwathu, dziko lililonse nyimbo imodzi. Mipando ikhala motalikirana, aliyense masiki kukamwa kupatula woyimba. Malamulo akhala a chaka choyamba chenicheni: woyimba mmodzi, yekha, ndipo anati zimenezi zikugwirizananso ndi malamulo a mliri. Anangobwerekapo awiri a zaka zapatsogolo, la mphindi zitatu ndi loti dziko lisadzivotere lokha, poti sankafuna zija za eni malo. Ndiye anatsindika, chala chili m'mwamba, kuti liwu lachiwiri likangomveka, dziko limenelo latuluka. Mphotho inali keke yojambulidwa mbendera ya dziko lopambana.

Ine sindibisa, ndimadana ndi kugonja. Ndinakula ndikusewera netibolo, ndipo mpaka lero pali mtsikana wina wa ku Ulongwe amene sindinamukhululukire. Keke ndinalibe nayo ntchito, koma kuti Afilipino, amene ankatigonetsa mochedwa ndi makaraoke awo, adye mbendera yawo ife tikuyang'ana, zimenezo ndiye ayi. Vuto linali woyimba. Mawu anga ndi oitanira mbuzi. Dalaivala ankadzitama kuti anali wa kwaya ku tchalitchi kwawo, koma titamuyesa tinapeza kuti zaka zonsezo ankayimba besi, ndipo chimene ankadziwa pa nyimbo iliyonse chinali bom, bom, bom.

Tinali mkati mokangana pa tebulo lathu la pakona, ine ndikumuuza kuti dziko silingaimiridwe ndi munthu wolira ngati ng'oma yonyowa, pamene ankolo anaika kapu ya tiyi pansi.

"Ndiyimba ine," anatero.

Tinawayang'ana. Dalaivala anafunsa mwaulemu ngati amva bwino nkhani imene ikukambidwa.

"Ndamva, achimwene. Kwathu ndinali woyambitsa nyimbo. Ukwati uliwonse kuchokera pa Ntaja mpaka ku Nselema, poperekeza mkwatibwi, ankabwera kudzanditenga pa njinga."

"Nanga zaka zonsezi bwanji osatiyimbirako, ankolo?" ndinafunsa.

"Pageti ndikanayimba ndi yani, chemwali? Duty ya mlonda ndi kuima." Anatembenuza kapu ija pang'ono. "Ndisanakwere ndege ndiyambitseko imodzi m'dziko lino, inshallah. Ndisachoke ngati katundu."

Aka kanali koyamba kuti atchule okha za ndegeyo. Kuti ndisaonekere kuti zandikhudza, ndinayamba kukalipira dalaivala kuti wataya shuga pa tebulo.

Mawa lake tinakumana m'chipinda chosungiramo mashiti, poti makiyi ake ndinkasunga ndine. Ankolo anavula chipewa cha ulonda, anakhosomola pang'ono, n'kutiuza kuti nyimboyo anaipeka okha ali mnyamata, ndipo mbali yathu ndi mawu atatu basi: "Kankha, m'bale, tifika." Kenako anatsegula pakamwa.

"Njinga yanga yaphwera pa Ntaja."

Mawu amene anatuluka m'bambo wofatsa uja sindinkawayembekezera. Anali okwera, akuthwa, a munthu wozolowera kuti amveke tsidya lina la dambo. Ine ndi dalaivala tinavomera tisanaganize n'komwe, iye pansi ndi besi yake ija, imene pano inapeza ntchito, ine pamwamba. Ankolo anapitiriza: dzuwa lalowa, pampu ndinabwereketsa, mkwatibwi akudikira. Ife n'kumakankha. Titamaliza ankolo anaseka, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonsezo ndinali ndisanaonepo kuti ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo.

Ndiye ndinakumbukira chala cha mayi wa makeke chija.

Amene sanakulire kwathu sangamvetse msanga vuto limene tinali nalo. Nyimbo za kumudzi zili ndi mbali ziwiri, woyambitsa ndi ovomera. Woyambitsa amaponya, enanu n'kulandira, ndipo palibe amene amakuphunzitsani nthawi yolowera. Umangokula ukuzichita, pamtondo, kumaliro, kusukulu poyenda pamzere, mpaka pakamwa pamazolowera kutseguka pokha. Chotsani ovomera, chotsalacho si nyimbonso ayi.

Ndinawapempha ankolo kuti ayese kuyimba mbali zonse ziwiri okha. Anayesa kamodzi, mpweya n'kuwathera pakati, ndipo zinamveka ngati munthu wodzipatsa moni n'kudziyankha yekha. Anapukusa mutu.

"Woyimba n'kumadzivomera yekha ndi wamisala wa pamsika, chemwali. Ine ayi."

"Ndiye mungolumikiza mizere yanuyo, osasiya mipata."

"Nanga njinga akankha ndani?"

Ndinapita kwa mayi wa makeke kukadandaula. Ndinamupeza akuyeza batala pa sikelo, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Ndinamufotokozera zonse, kuti kwathu nyimbo sayimba munthu mmodzi, kuti awiri ife tingoyankha chapansipansi tili pa mipando yathu. Anati akatilola ife, Afilipino abwera khumi ndi magitala, Amwenye abwera ndi ovina, ndipo mpikisano wake usanduka msika. Lamulo ndi lamulo. Ndinatuluka m'khitchinimo nditatupa, ndikumunena m'Chiyao kuti asamve.

Tinagwirizana chonchi: ankolo ayimba mizere yawo n'kumasiya mipata monga mwa nthawi zonse, ife tikhala chete. Dalaivala anati azungu aziyesa kuti ndi sitayilo. Ankolo sanatsutse, koma sanasekenso. Tinayeserera kangapo, ine nditaluma thaulo, dalaivala atatembenukira kukhoma. Ndinamuchenjeza kuti akangotsegula pakamwa Lachisanu, ku Onaiza akafika alibe mano.

Masiku otsalawo ndinachita kampeni. Anepali ndinawapatsa matawulo atsopano. Kwa Akenya ndi a ku Uganda ndinakawakumbutsa kuti ndife anthu a mbali imodzi, ndipo tinagwirana chanza ndi zigongono kuti tizivoterana. Mayi wa makeke anali atatiuza yekha kuti kwawoko mayiko oyandikana amapatsana mapointi, ndiye sindinaone cholakwika.

Lachisanu litafika, amuna atamaliza kupemphera, tinalowa mu holo. Malo amenewo ine ndinkangowadziwa ndili ndi makina opopera fumbi m'manja. Kukhala pampando wa nsalu yofewa, magetsi a magalasi akulendewera pamutu panga, ndinadziona ngati mlendo woitanidwa. Mayi wa makeke anakhala pa tebulo kutsogolo ndi kabelu kake ndi wotchi, pambali pake pali bolodi loyera lolembedwa maina a mayiko, ndi mbale za mabisiketi ake ouma oviika mu khofi, oti tidye pomaliza.

Anayamba ndi Mnepali wina wa kochapira, amene anayimba atatsinzina nyimbo yonse, n'kugwada pomaliza. Mmwenye wa ku akaunti anadulidwa ndi belu asanafike n'komwe pakati, poti mphindi zitatu zonse zinathera pa kukonza kukhosi ndi kukweza mawu pang'onopang'ono. Mtsikana wa Chifilipino wa pa risepushoni anayimba mpaka tsitsi langa linaima m'kati mwa mpango, ndipo ndinamuda pomwepo. Kenako anaitana Malawi.

Ankolo anakwera pa nsanja atavala mkanjo woyera ndi kofia, zimene anagula kuti adzavale pa Idi koma Idi n'kutipeza titatsekeredwa. Anthu anaomba m'manja kwambiri, poti ambiri anali asanawaonepo opanda yunifolomu. Anavula masiki, kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba. Ine ndi dalaivala tinali mzere wachitatu, pakati pathu pali mpando wopanda munthu.

"Njinga yanga yaphwera pa Ntaja."

Holo yonse inadzidzimuka. Ndiye ankolo anachita chimene sanachitepo m'chipinda cha mashiti chija. Anapendeketsa mutu, n'kutambasula dzanja chikhatho chili m'mwamba, monga amachitira oyambitsa nyimbo onse akamapereka mpata kwa gulu. Sindikhulupirira kuti anachita dala. Thupi linangokumbukira lokha, ndipo athu nawonso anakumbukira.

"Kankha, m'bale, tifika."

Mpaka lero ine ndi dalaivala timatsutsana kuti anayamba ndani. Iye amati ndine, ine ndimati besi inamveka kaye. Belu linalira.

"Ndani ameneyo?" anafunsa mayi wa makeke ataimirira.

Apa ndi pamene ndinaona ubwino wa masiki. Holo yonse inali maso okhaokha, pakamwa posaoneka ndi pamodzi pomwe. Ndinayang'ana kudenga. Dalaivala anatembenuka n'kuyang'ana Anepali a kumbuyo kwathu mokhumudwa kwambiri, uku akupukusa mutu. Mayiyu anadikira kuti kuseka kuthe, kenako anafunsa modekha kuti mu holo muno ndi angati amene amalankhula chilankhulo cha ankolo. Tinakweza manja pang'onopang'ono.

Anati chifukwa cha ulemu wa ankolo atipatsa mwayi wachiwiri, umenenso ndi womaliza. Anatisamutsira kutsogolo kwenikweni, mipando iwiri yoyang'anizana ndi tebulo lake, n'kutilamula kutsitsa masiki. Kenako anatenga mbale ya mabisiketi ija n'kutipatsa atatuatatu kuti tiike m'kamwa onse pamodzi. Mabisiketi amenewo amaphikidwa kawiri, ndipo popanda khofi amamwa malovu onse. Tinakhala pamenepo masaya ali tuu, anthu akugwa ndi phwete, ena akujambula pa foni. Nanenso ndikanaseka pakanakhala potulukira.

Ankolo anayambanso. Mzere woyamba unatuluka bwino ngati poyamba, dzanja lija n'kutambasuka. Panalibe anayankha. Mu holo yaikulu ngati ija chete amamveka, mpaka ndinamva makina oziziritsa mpweya akulira kudenga. Ankolo anadikira mpata wonse, osaudula, kenako anaponya mzere wachiwiri, wa dzuwa kulowa. Dzanja linatambasukanso, koma pang'ono. Chete. Kuseka kuja kunali kutatha, poti ngakhale amene sankamva mawu anaona kuti bamboyu akudikira chinthu chimene sichikubwera.

Ndinali pafupi, ndiye nkhope yawo ndinkaiona bwino. Ndi nkhope imene munthu wamkulu amakhala nayo akapereka moni pagulu anthu n'kungomuyang'ana. Ndinkaidziwa, chifukwa ndinkaiona pageti paja madalaivala a malole akamadutsa osatsitsa n'komwe galasi. Mzere wachitatu unatuluka motsika, maso ali pansi, ndipo dzanja silinanyamuke n'komwe. Zinandipweteka kwambiri. Ndinaganiza kuti bamboyu wapempha chinthu chimodzi chokha m'dziko lino, ndipo ife abale ake takhala kutsogolo kwake tikutafuna mabisiketi.

Ulendo uno sititsutsana kuti anayamba ndani, chifukwa tinayambira limodzi. Zinyenyeswa zinauluka mpaka pa tebulo la woweruza. Mawu ake sanamveke bwino, anali ngati a anthu ovomera ali m'thumba la ufa, koma ankolo anawamva. Mutu unadzuka.

Belu linalira kawiri. "Malawi, out," anatero mayi wa makeke akusasa zinyenyeswa pa wotchi yake. "Khalas." Liwu limeneli ndi la Chiarabu, ndipo kuno likanenedwa ndiye kuti nkhani yatha.

Ankolo sanatsike. Anawerama pang'ono, manja kumbuyo ngati ali pageti, n'kufunsa m'Chingelezi chawo chaulemu chija.

"Madam, ndiye kuti tatuluka?"

"Mwatuluka, ankolo. Pepani."

"Ndiye kuti ma-rules aja sakutikhudzanso?"

Mayiyu anali munthu wa malamulo, ndipo funso la malamulo sakanaliyankha mwachisawawa. Anaganiza ndithu, akuyang'ana kabelu kake. Kenako anati inde, munthu amene watuluka mu mpikisano malamulo a mpikisano samukhudza.

"Zikomo," anatero ankolo. Anasuntha maikolofoni n'kuiika pambali, anabwera kumapeto kwa nsanja, n'kutiyang'ana ife. "Mezani kaye, ana inu. Wina awapatse madzi."

Mkenya wina anatithamangitsira botolo. Titameza, ankolo anaiyamba kachitatu, ndipo ulendo uno sanaisiye. Njinga inaphwera pa Ntaja, tinakankha. Inafika pa Liwonde, tinakankha. Anaidutsitsa pa Balaka akundiloza ine, anaikhotetsera ku Kasungu kumene kunalibe n'komwe njira yake, kuti dalaivala asadandaule. Kenako anayamba kupeka pomwepo. Njinga inakwera ndege, inaima pageti lakumbuyo zaka ndi zaka, malole akudutsa. Inapita ku ofesi kukapempha visa, n'kuuzidwa kuti matayala akalamba. Pamenepo dalaivala besi inamuthawa, anangoweramitsa mutu, ndipo mpata umenewo ndinavomera ndekha misozi ikulowa m'kamwa. Mpata wotsatira anabwereranso.

A ku Uganda anayamba kuomba m'manja motsatira, Akenya n'kuimirira. Anepali angapo anayesa kuvomera nawo, koma ankalowa pamalo olakwika, n'kumakankha njinga ankolo asanamalize kunena kumene yaphwera. Mphindi zitatu zinadutsa kalekale. Ndinaba diso kuyang'ana mayi wa makeke. Anali atakhala mowongoka monga mwa masiku onse, koma kabelu kaja anali atakaphimba ndi dzanja.

Povota zonse zinayenda mwa dongosolo. Afilipino anapambana, ndipo ndinene zoona, anayenera. Akenya ndi a ku Uganda, amene ndinapangana nawo, anavoterana okhaokha mosangalala poti ife tinali titawachotsera mtolo. Pa dzina la Malawi mayi wa makeke analemba ziro wozungulira bwino, wa munthu wozolowera kukongoletsa makeke. Dalaivala anaijambula pa foni, ati talowa m'mbiri limodzi ndi azungu a zithunzi zakuda ndi zoyera aja. Ine ziroyo inandiwawa ndithu, sindinama. Keke ya mbendera ya eni ake ndinadya nawo, koma ndinanena kuti shuga anachuluka.

Potuluka ndinayenda ndi ankolo mpaka pa chikepe. Anali atavalanso masiki, thukuta likutsika m'mbali mwa kofia.

"Pepani ankolo, tawononga mpikisano," ndinatero.

"Mafi mushkila, chemwali, palibe vuto." Anapukuta thukuta lija. "Ine ndimayesa kuti mawu anauma. Kani anangosowa owalandira."

Ndege yawo inapezeka mwezi womwewo. Dalaivala anapempha yekha kuti awaperekeze ku bwalo la ndege, ndipo galimoto ija inachapidwa koyamba chiyambire mliri. Ine sanandilole kutuluka. Ndinatsanzikana nawo pageti lawo lomwe lija, pamene panali pataima kale mnyamata wina wa ku Ghana atavala chipewa chawo.

Miyezi inadutsa. Hotela inatsegulidwanso, tinabwerera ku Al Asmakh, ndipo dalaivala, modabwitsa tonse, anapitadi ku Onaiza. Mayi wa makeke mpikisano wake weniweni unabwerera pa TV chaka chotsatira, ndipo rimoti anaibweza.

Tsiku lina masana ndikupinda mashiti, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa ankolo, wautali. Anayamba ndi moni, kufunsa za dalaivala, za madam, za mnyamata wa pageti ngati akumupatsa mpando. Anati kumudzi ali bwino, mvula yagwa, adzukulu anakula osawadziwa koma akuzolowerana. Kenako mawu anatsika. Anati anzawo amene ankayimba nawo ena anamwalira, ena ali ku Joni. Maukwati a masiku ano amabwereka zokuzira mawu ndi mnyamata wa kompyuta. Anapita ku ukwati wa mwana wa mlongo wawo, anayambitsa ya njinga ija poperekeza mkwatibwi, achinyamata anangowayang'ana n'kuwaombera m'manja mwaulemu.

"Ndiye ndati ndikuyimbireni inu komweko," anatero. "Mumupatsireko mnzanuyo."

Anakhosomola, n'kuiyamba. Pakutha pa mzere uliwonse ankasiya mpata, wathunthu, osaudula. M'mipatamo munkamveka nkhuku, ndi mwana akulira chapatali.

Ndinaimvera mpaka kumapeto nditaima ndi shiti m'manja. Kenako ndinatseka chitseko, n'kuibwezera poyambira, ndipo pofika pa mpata woyamba ndinavomera.